Mwana akalephera, mlandu ndi wa yani?

Chaka chilichonse pauta ikangokhomedwa pakhoma la sukulu, mkangano womwe uja umadzukanso. Aphunzitsife timati makolo sasamala: mwana wabwera Lolemba ndi Lachiwiri, Lachitatu ali kudimba kukumba kachewere kapena akulera mng'ono wake. Makolo nawo amati aphunzitsi a masiku ano ndi aganyu chabe, maso awo ali pa tsiku la malipiro. Mbali ziwirizi zikatopa ndi kulozana chala zimagwirizana pa yankho losavuta, lakuti mwanayo ndi waulesi, alibe mtima wa sukulu. Mwini wakeyo kawirikawiri safunsidwa n'komwe.

Mkanganowu sunayambe ndi ife, ndipo si wa ku Tete kapena ku Niassa kokha. Akatswiri a maphunziro akhala akulimbana nawo kwa zaka pafupifupi 60, kuyesa pasikelo kuti cholemera kwambiri n'chiti pakati pa mphunzitsi, khama la mwana ndi banja limene mwanayo akuchokera. Ndiyambira kwa iwo mwachidule, kenaka tibwere kwathu kuno, chifukwa mbiri ya sukulu ya m'Mozambique ili ndi kanthu kamene sikelo yawoyo sinkakaona. Mphunzitsi, mwana ndi kholo amathandizana pokhapokha ngati akumvana polankhula, ndipo kwathu kuno kwa zaka zambiri lamulo lenilenilo ndi limene linkawaletsa kumvana.

Mu 1964 nyumba ya malamulo ya ku America inalamula kuti pachitike kafukufuku woona ngati ana a anthu akuda ndi ana a azungu akulandira mwayi wofanana wa maphunziro. Ntchitoyo inatsogoleredwa ndi James Coleman, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1966. Anayesa ana oposa 600,000 m'masukulu pafupifupi 4,000. Anthu ambiri ankayembekeza kuti lipotilo linena kuti ana osauka amalephera chifukwa masukulu awo ali ndi nyumba zoipa, mabuku ochepa ndi ndalama zosakwanira. Silinatero. Linapeza kuti kusiyana kwakukulu kwa zotsatira za ana kumayendera limodzi ndi mabanja awo, makamaka maphunziro a makolo ndi mmene pakhomopo pakukhalira, kuposa zipangizo za pasukulu. Kuyambira pamenepo mawu oti "sukulu ilibe mphamvu, zonse ndi kunyumba" anayamba kumveka paliponse, ngakhale Coleman sananene choncho ndendende. M'lipoti lomwelo munali zinthu ziwiri zimene anthu sazitchula kawirikawiri. Choyamba, mwa zinthu za pasukulu, chimene chinkaonetsa mphamvu ndi mphunzitsi, makamaka luso lake pa mawu. Chachiwiri, pakati pa ana a mabanja oponderezedwa, mwana amene ankakhulupirira kuti khama lake likhoza kusintha tsogolo lake ankakhoza bwino kuposa amene ankaona kuti zonse ndi mwayi chabe.

Patapita zaka zochepa Stephen Heyneman anakafufuza ana a kalasi yomaliza ya pulayimale ku Uganda, ndipo anapeza zosiyana. Kumeneko chuma ndi maphunziro a makolo sizinkalosera bwino kuti mwana akhoza kapena alephera. Mu 1983 iye ndi William Loxley anayerekeza mayiko 29, n'kunena kuti dziko likakhala losauka, sukulu ndi mphunzitsi zimakhala ndi mphamvu yaikulu pa zotsatira za mwana kusiyana ndi banja. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: kumudzi kumene kulibe buku pakhomo lililonse, buku limodzi la mphunzitsi ndi lonse limene mwana ali nalo. Ofufuza ena a pambuyo pake anatsutsa kuti kusiyanaku sikulinso kwakukulu monga kale, ndipo mtsutsowo ukupitirirabe. Koma onsewa ankawerengera mphunzitsi payekha, banja palokha. Funso loti kodi mayi wa mwanayo angathe kulowa pabwalo la sukulu n'kulankhula ndi mphunzitsi silinali pamapepala awo.

Kwa ife olankhula Chinyanja, sukulu sinayambe ngati chinthu chachilendo pakamwa. M'mphepete mwa nyanja, ku Messumba ndi m'midzi yozungulira, amishoni a Anglican ankaphunzitsa kuwerenga m'Chinyanja, ndipo William Percival Johnson, amene anakhala zaka zoposa 40 akuyenda m'dera la nyanjalo, anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kumeneko. Ku Angónia amishoni a Dutch Reformed anatsegula siteshoni ya Mphatso mu 1909, akugwiritsa ntchito mabuku ndi aphunzitsi ochokera kutsidya kwa malire, ku Nyasaland. Boma la Apwitikizi linatseka ntchito yawoyo mu 1922. Masukulu amenewo sanali paradaiso. Cholinga chawo chinali kutembenuza anthu, ndipo zambiri za makolo athu ankazinyoza. Komabe mwana akaphunzira zilembo m'mawa, madzulo ankatha kuwerengera agogo ake mawu amene agogowo akuwamva, ndipo agogowo ankatha kuweruza okha ngati kusukuluko kukuchitika zanzeru.

Khomo limenelo linatsekedwa ndi malamulo. Mu 1930 boma la atsamunda linakhazikitsa maphunziro apadera a anthu amene linkawatcha indígenas, otchedwa ensino rudimentar. Mu 1940 dziko la Portugal linasainirana pangano ndi Vatican, ndipo mu 1941 lamulo lotchedwa Estatuto Missionário linapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa mamishoni a Katolika. Lamulolo linanena poyera kuti m'sukulu muziphunzitsidwa ndi kulankhulidwa Chipwitikizi, ndipo zilankhulo za eni dziko ziloledwe pophunzitsa chipembedzo basi. Mwana wa kumudzi ankayenera kudutsa zaka zitatu za rudimentar, chaka choyamba chongozolowera Chipwitikizi, asanaloledwe kuyesa mayeso olowera m'makalasi amene mwana wa mzungu ankafikamo mosavuta. Ambiri ankabwereza mpaka kutopa. Amene apirira ankapezeka kuti akula kupitirira zaka zololedwa kulowa sekondale. Mu 1956 dzina linasintha kukhala ensino de adaptação, koma kachitidwe kake kanali komweko, ndipo ngakhale lamulo la indigenato linathetsedwa mu 1961, lamulo la chilankhulo silinagwedezeke.

Taganizirani zimene dongosolo limeneli linachita kwa anthu athu atatu aja. Mphunzitsi wakuda wa kusukulu ya kumudzi kawirikawiri anali katekisiti yemweyo, wamaphunziro ochepa, wamalipiro ochepa, ndipo Chipwitikizi chakecho chinali chongokwanira kuloweza. Chida chimene anali nacho chochuluka chinali palmatória. Mwana ankaloweza mitsinje ndi njanji za ku Portugal m'mawu amene sankawamva, ndipo nthawi ina ankaithera m'munda wa mishoni. Kholo linkaona mwana wake akupita m'mawa, kubwera ndi manja otupa, osatha kufotokoza chimene waphunzira. Kholo lotero likamuuza mwana kuti lero usapite, kaweteko mbuzi, kodi tinganene kuti silinkasamala za tsogolo la mwanayo? Ine ndimaona kuti linkawerengera bwino ndithu. Mabanja ena a m'malire amene ankafunitsitsa sukulu ankatumiza ana awo kwa abale ku Nyasaland, komwe makalasi oyamba ankaphunzitsidwa m'chilankhulo cha pakhomo. Chidwi cha makolo chinalipo. Chinkangopita kumene chikuona phindu.

Pali munthu mmodzi amene timakonda kumutchula pofuna kusonyeza kuti khama limagonjetsa zonse, ndiye Eduardo Mondlane. Anabadwa mu 1920 m'boma la Manjacaze ku Gaza, bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anaweta ziweto mpaka ali ndi zaka pafupifupi 12. Kuchokera pamenepo anafika mpaka pa digiri ya udokotala ku Northwestern ku America. Koma tikaiyang'anitsitsa nkhani yake, khamalo silinali lokha. Iye mwini ankanena kuti mayi ake ndi amene anamukakamiza kupita kusukulu, kuti akadziwe nzeru za azungu n'cholinga choti adzathe kulimbana nawo. Mayiwo sanapite kusukulu, koma anampatsa mwana wawo chifukwa chopitira. Kenaka anakumana ndi amishoni a ku Switzerland, amene ngakhale malamulo anali othina, ankasungabe chilankhulo cha anthu m'tchalitchi ndi m'magulu a achinyamata otchedwa mintlawa. Mmodzi wa iwo, André-Daniel Clerc, anamuona kuti ndi wanzeru n'kumutsegulira njira yopitirizira maphunziro. Mayi, mphunzitsi ndi mwana anakoka chingwe chimodzi. Kuti zimenezi zinachitika kwa anthu owerengeka okha ndiye mlandu umene Mondlane yemweyo anaimba maphunziro a atsamunda m'buku lake lotchedwa The Struggle for Mozambique, limene linatuluka mu 1969, chaka chimene anaphedwa. Pofika pa ufulu mu 1975, anthu pafupifupi 93 mwa 100 aliwonse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga.

Ngati pali nthawi imene dziko lino linali ndi njala ya sukulu, ndi zaka zoyamba za ufulu. Pa 24 July 1975 boma linatenga masukulu onse kukhala m'manja mwake. Anthu m'midzi anaumba njerwa, kudula mitengo ndi udzu, kumanga makalasi ndi manja awo. M'zaka zinayi zokha chiwerengero cha ana a pulayimale chinawirikiza kawiri. Koma aphunzitsi ambiri achipwitikizi anali atachoka, ndipo pa 8 March 1977 Samora Machel anaitana ophunzira a makalasi omaliza a sekondale kuti asiye kaye maphunziro awo akagwire ntchito zimene dziko likusowa, ambiri mwa iwo uphunzitsi. Ena mwa amene anatiphunzitsa ife ndi a m'badwo umenewo. Enanso analowa ntchito atamaliza kalasi 6 ndi chaka chimodzi cha maphunziro a uphunzitsi, aja timati a 6ª+1, ndipo ena analowa opanda n'chaka chimodzicho. Anali achinyamata otumizidwa kutali ndi kwawo, ogona m'nyumba zimene mudzi wawamangira, odya chimene mudzi wawapatsa. Mawu akuti ligação escola-comunidade, kulumikizana kwa sukulu ndi mudzi, anali pakamwa pa aliyense.

Pa nkhani ya chilankhulo, komabe, boma latsopano linasunga chimene linapeza. Chipwitikizi chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha boma ndi cha umodzi wa dziko, ndipo zifukwa zake sizinali zopusa: atsogoleri ankaopa kugawikana kwa mitundu, mabuku a m'zilankhulo zathu kunalibe, ndipo kalembedwe ka zambiri mwa izo kanali kasanagwirizanidwe. Koma kalembera wa 1980 anasonyeza kukula kwa vutolo. Anthu amene Chipwitikizi chinali chilankhulo chawo choyamba anali 1.2 pa 100 aliwonse, ndipo amene ankatha kuchilankhula n'komwe anali pafupifupi mmodzi mwa anayi. Lamulo la maphunziro la 1983, limene linakhazikitsa Sistema Nacional de Educação, linasiya Chipwitikizi chokha ngati chilankhulo chophunzitsira. Ambirife tikukumbukira kuti kulankhula "dialecto" pabwalo la sukulu kunali mlandu, ndipo panali anzathu osankhidwa kuti azilemba maina a olakwa. M'kalasi mphunzitsi ankanena chiganizo, ife n'kubwereza pamodzi ngati kwaya. Akafunsa ngati tamva, tonse tinkayankha kuti inde. Amene ankakhala chete osayankha ankatchedwa burro, ndipo dzina lotero likamumatirira mwana wa zaka 7, iye mwini amayamba kulikhulupirira. Chaka ndi chaka mwana mmodzi mwa anayi, penanso kuposa, ankabwereza kalasi.

Tsono kulumikizana kwa sukulu ndi mudzi kuja kunathera pa njerwa ndi udzu. Kholo linkaloledwa kumanga kalasi, koma zochitika m'kati mwa kalasiyo silikanatha kuzilondola. Pamsonkhano wa makolo a director ankalankhula Chipwitikizi, wina n'kumasulira mwachidule, makolo n'kuomba m'manja, kubalalika. Mayi amene mwana wake wabwereza kalasi 2 kawiri analibe mawu ofunsira chifukwa chake. Pa sikelo ya Coleman mayi ameneyu akanalembedwa ngati "banja losaphunzira", ngati kuti vuto lili mwa iye.

Kenaka nkhondo inabwera n'kuphwanya ndi zochepa zomwe zinalipozo. Pofika pa pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992, masukulu a pulayimale oposa theka anali atawonongedwa kapena kutsekedwa, ndipo Tete inali m'gulu la zigawo zimene zinavutika koposa. Aphunzitsi ambiri anaphedwa, kubedwa kapena kuthawa. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angónia ndi Tsangano anakakhala m'midzi ya ku Dedza ndi Ntcheu, pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi ndi iwo. Ena mwa ana awo analowa m'masukulu a kumeneko, momwe makalasi anayi oyamba ankaphunzitsidwa m'Chichewa. Pobwerera kwawo nkhondo itatha, mabanja otere anabwera ataona ndi maso awo kuti mwana akhoza kuphunzira kuwerenga m'chilankhulo chimene amalira nacho. Sindikunena kuti masukulu a ku Malawi analibe mavuto awo. Ndikungoti kwa makolo a m'malire nkhaniyi sinali yongomva kwa akatswiri.

Nthawi yomweyo ku Maputo zinthu zinali zitayamba kusuntha. Mu 1988 gulu la NELIMO la pa yunivesite ya Eduardo Mondlane linachititsa msonkhano woyamba wogwirizanitsa kalembedwe ka zilankhulo za m'dziko muno. Malamulo aakulu a dziko a 1990 ananena koyamba kuti boma lidzalemekeza zilankhulozi ndi kulimbikitsa kuti zigwiritsidwe ntchito pophunzitsa nzika. Ndipo mu 1993 bungwe la INDE linayambitsa ntchito yoyesera yotchedwa PEBIMO m'zigawo ziwiri: ku Gaza m'Chichangana ndi Chipwitikizi, ku Tete m'Chinyanja ndi Chipwitikizi. Gulu limodzi la ana linatsatiridwa kuyambira kalasi 1 mpaka kalasi 5, ntchitoyo n'kutha mu 1997.

Zotsatira za PEBIMO n'zofunika kuzinena moona, chifukwa nthawi zina timazikometsera. Carol Benson, amene anagwira nawo ntchito younika, analemba mu 2000 kuti panali zofooka zambiri: ndondomeko yosinthira ku Chipwitikizi sinakonzedwe bwino, zipangizo zinkachedwa, ndipo kayerekezedwe ka makalasi oyeserawo ndi makalasi wamba sikanali kolimba. Choncho manambala a mayeso paokha sakanatha kutseka pakamwa munthu wokayika. Chimene chinaoneka mosabisika chinali china. Ana a m'makalasi a zilankhulo ziwiri ankalankhula. Ankafunsa mafunso, ankayankha ndi mawu awoawo m'malo mobwereza a mphunzitsi, ankadzidalira, ndipo anaphunzira kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo chawo. Aphunzitsi nawo anasintha, pakuti munthu ukamaphunzitsa ana amene akukuyankha umadziwa msanga amene wamva ndi amene sanamve, ndipo ntchito imakoma. Makolo ankanyadira kuti ana awo akutha kulemba makalata opita kwa abale akutali ndi kuwerenga m'tchalitchi. Ankafika kwa mphunzitsi popanda womasulira. Benson anaonanso kuti atsikana ankakhalitsa m'makalasi amenewa kusiyana ndi mmene zinkakhalira m'masukulu ena, ndipo m'zolemba zake za pambuyo pake anafotokoza kuti chimodzi mwa zifukwa zake chingakhale chakuti kholo limakhala ndi mtima m'malo kusiya mwana wamkazi m'manja mwa mphunzitsi amene likutha kulankhula naye ndi kumudziwa khalidwe lake.

Mfundo yomalizayi ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa mmene timaitengera. Kusiya sukulu kwa mtsikana timakulemba m'malipoti athu ngati nkhani ya "chikhalidwe" kapena "umphawi wa banja", ngati kuti sukulu ilibepo mbali. Koma mabanja a PEBIMO anali osauka chimodzimodzi ndi anansi awo, a miyambo yomweyo. Chinasintha ndi chakuti sukulu inayamba kumveka. Khama la mwana, limene timalitenga ngati chinthu chobadwa nacho, linakula pamene mwanayo anaona kuti akayankha amamvedwa. Tikumbukire zija anapeza Coleman za mwana wokhulupirira kuti khama lake lili ndi ntchito. Mwana amene zaka zitatu zoyamba wakhala akungotsegula pakamwa motsanzira anzake angachitenge kuti chikhulupiriro chotero?

Kuyambira mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'dongosolo la boma, poyamba m'masukulu ochepa a kumidzi, m'zilankhulo 16, Chinyanja chili momwemo. Kumpoto bungwe la Progresso linathandiza kwambiri pokonza mabuku ndi kuphunzitsa aphunzitsi ku Niassa ndi Cabo Delgado. Feliciano Chimbutane anakhala nthawi yaitali m'masukulu awiri a ku Gaza, ina ya Chichangana ina ya Chichopi, ndipo buku lake la 2011 likufotokoza zinthu zimene aliyense wa ife angazizindikire. M'maphunziro a m'chilankhulo cha pakhomo ana ankatsutsana ndi mphunzitsi, kumukonza mawu, kubweretsa zitsanzo za kumunda ndi kunyanja. Mphunzitsi akasowa liwu loyenera la mtengo, la mwambo kapena la chiwalo cha thupi, ankatuma ana kuti akafunse kunyumba. Kholo lomwe lija linkawerengedwa ngati mbuli linasanduka gwero la nzeru zimene sukulu ikuzifuna. Sipanafunike msonkhano wolimbikitsa makolo kutenga mbali. Anatenga mbali chifukwa anafunsidwa funso limene akudziwa yankho lake. Koma Chimbutane yemweyo anaonanso kuti anawo akafika pa maphunziro a m'Chipwitikizi, makamaka kuyambira kalasi 4 pamene chilankhulo chophunzitsira chinkasintha, chete uja ankabwerera, kwaya ija n'kuyambiranso. Mabuku anali osowa, ndipo aphunzitsi ambiri sanaphunzitsidwe mmene angaphunzitsire Chipwitikizi ngati chilankhulo chachiwiri.

Pano ndiyenera kunena zimene sizitikomera. M'zaka zomwezi boma linachotsa malipiro a sukulu ya pulayimale, linakhazikitsa makhonsolo a sukulu momwe mumakhala makolo, ndipo ana analowa m'sukulu ochuluka kuposa kale lonse. Koma kuphunzira kwenikweni kunatsika. Pa mayeso a SACMEQ, amene amayerekeza ana a kalasi 6 m'mayiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, ana a m'Mozambique anapeza pafupifupi 517 pa kuwerenga mu 2000, koma mu 2007 anatsikira pa 476. Kauniuni wa INDE wa ana a kalasi 3 anapeza kuti amene ankawerenga pa mlingo woyenera anali 6.3 pa 100 mu 2013, ndipo 4.9 pa 100 mu 2016. Ndipo kafukufuku wa Banki Yaikulu ya Dziko Lonse wa 2014, amene ankafika pasukulu mosachenjeza, anapeza kuti aphunzitsi 45 mwa 100 aliwonse sanali pasukulu tsiku limenelo, pamene ana oposa theka nawonso kunalibe. Manambala amenewa ndi a masukulu onse, ambiri mwa iwo a Chipwitikizi chokha, choncho sakuweruza pulogalamu yathu. Koma asatipatse pothawira. Zifukwa za kujomba tikuzidziwa tonse: ulendo wa tsiku lathunthu wokatenga malipiro kutauni, nyumba zosowa, ndalama za maola owonjezera zochedwa, maliro, matenda. Zambiri n'zoona. Koma Chinyanja sichiphunzitsa mwana mphunzitsi kulibe. Ndipo kujomba kwa mphunzitsi ndi kujomba kwa mwana kumaberekana: mayi amene mwana wake wabwerera kawiri pa sabata atapeza kalasi yopanda mphunzitsi, tsiku lachitatu amutuma kumunda, ndipo kawerengedwe kake n'komwe kaja ka agogo ake a m'nthawi ya rudimentar.

Kusiyana kwake n'kwakuti lero mayi ameneyu, ngati sukulu yake ndi ya zilankhulo ziwiri, ali ndi pakamwa. Akhoza kutsegula kope la mwana wake wa kalasi 2, kapena kumuuza kuti amuwerengere, n'kudziwa yekha ngati sabata ino kwalembedwa kanthu. Akhoza kuima pamsonkhano wa khonsolo n'kufunsa. Kwa mphunzitsi zimenezi sizikhala zokoma nthawi zonse. Chipwitikizi chinkatibisa ifenso, pakuti kholo silikanadziwa ngati taphunzitsa bwino kapena tangodutsamo. Ndamvapo anzathu ena akudandaula kuti makolo a makalasi a Chinyanja "amavuta", amabwerabwera, amakonza ngakhale katchulidwe ka mawu ka mphunzitsi wochokera dera lina. Ndikamva dandaulo limenelo ndimakumbukira kuti kuyambira 1941 mpaka 2003 sukulu ya boma inalibe njira yoti kholo la kumudzi livutire.

Kalembera wa 2017 anapeza kuti amene Chipwitikizi ndi chilankhulo chawo choyamba afika pafupifupi 17 pa 100, ambiri mwa iwo m'mizinda. Kumidzi ya ku Angónia, Macanga, Chifunde, Lago kapena Mecanhelas mwana wa kalasi 1 akubwerabe ndi chilankhulo cha mayi ake. Unduna uli ndi ndondomeko yofutukula maphunziro a zilankhulo ziwiri ya 2020 mpaka 2029, ndipo masukulu akuchuluka. Zimene zinavuta PEBIMO sizinathe: mabuku amafika mochedwa kapena osakwana, mphunzitsi wophunzitsidwa bwino amasamutsidwa n'kubwera wina wosadziwa kulemba chilankhulo cha anawo, ndipo pamene maphunziro asinthira ku Chipwitikizi kholo limabwereranso kunja kwa mpanda. Pa mfundo yomalizayi pali zimene tingachite tokha osadikira Maputo. Palibe lamulo loletsa mphunzitsi wa kalasi 5 kupereka ntchito ya kunyumba yofuna kuti mwana akafunse agogo ake m'Chinyanja mmene ankasungira mbewu, n'kudzafotokoza m'kalasi m'Chipwitikizi. Palibenso loletsa kuti msonkhano wa makolo uchitike m'chilankhulo cha makolowo kuyambira pemphero mpaka kutseka, ndipo womasulira akhale wa a director ngati iwo ndi amene sakumva.

Pamsonkhano wa ZIP wa kumapeto kwa chaka chino, pamene tikuwerengera okhoza ndi olephera a turma iliyonse, ndikupempha kuti tiwonjezere mizere itatu pansi pa pepalalo: makolo angati anabwera okha kudzalankhula nafe osaitanidwa, masiku angati kalasiyo inakhala yopanda mphunzitsi, ndiponso mwa ana amene asiya sukulu, ndi angati amene tinafika kwawo kukamva chifukwa chake kuchokera pakamwa pa mwanayo.